Kutsogolo kwa Mpope: Mbiri ya Chiwaya ndi Ife a Kunyanja

Mawu oti chiwaya ali ndi matanthauzo awiri m'chinenero chathu. Pali chiwaya chimene amayi amakazingira chimanga ndi mtedza, chomwenso anyamata a padepoti amakazingira tchipisi. Palinso chiwaya china chimene agogo athu aamuna adakumana nacho pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918: mfuti ija yolavula zipolopolo mosapumira. Atamva kulira kwake adakumbuka chimanga chikuthetheka pamoto, basi dzina n'kukhala lomwelo. Nkhondo yonseyo adaitcha ya Chiwaya, moti katswiri wa mbiri yakale Melvin Page, polemba buku la zimene Amalawi adaona pa nkhondoyo, lomwe lidatuluka m'chaka cha 2000, adalitcha The Chiwaya War.

Ndayamba ndi dzinali kaamba koti masiku ano chiwaya chasanduka chionetsero. Ku Arizona m'dziko la America, m'chipululu cha kufupi ndi kamudzi ka Wikieup, kumasonkhana anthu okonda mfuti pa mwambo wotchedwa Big Sandy Shoot. Amandanda pamzere wautali, aliyense ndi chiwaya chake, wina n'kuulutsa tindege toyendetsa ndi limoti, onse n'kumatiwombera. Mfumu ya mfuti pa zionetsero zotere ndi ija ya mipope 6 yozungulira ndi magetsi, imene amaitcha Minigun. Usiku zipolopolo zake zowala zimaoneka ngati chingwe cha moto chochoka pansi kukafika kumwamba. Kandege kakayaka n'kugwa, khamu lonse limakuwa ndi kuomba m'manja.

Zithunzi za zimenezi zimatipeza pa foni zathu. Ndaonapo anyamata a kabaza pa Mangochi ataunjikana pa foni imodzi, pakamwa pali yasa, wina n'kumati, "Akuluakulu, ichi ndiye chida, zinazi n'zoseweretsa!" Sindikuwadzudzula ayi, chinthucho n'chodabwitsadi. Koma ife a kuno kunyanja tili ndi chifukwa choonera chionetserochi ndi diso lina. Pamene mfuti zaliwirozi zidayamba kuyenda padziko lapansi, makolo athu sadali kumbuyo pamodzi ndi oomba m'manja. Adali kutsogolo kwa mpope, pamalo pa kandege paja.

Wopanga makina obzalira mbewu

Nkhaniyi idayamba ndi Richard Gatling, yemwe adabadwa m'chaka cha 1818 ku North Carolina. Adaphunzira udokotala koma sadaugwirire ntchito. Chimene chidamudyetsa ndi makina obzalira mpunga ndi tirigu amene adapanga. Nkhondo yapachiweniweni itabuka ku America mu 1861, munthu wozolowera kugwetsa mbewu imodziimodzi m'nthaka adatembenukira ku zipolopolo. Pa 4 Novembala 1862 boma lidamupatsa chikalata cha umwini wa mfuti ya mipope 6 yomangidwa pamodzi ngati mtolo wa nzimbe.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kukamvetsa. Msilikali ankapukusa chogwirira cha m'mbali, mtolo uja n'kumazungulira. Mpope uliwonse ukafika pamalo pake unkalandira chipolopolo, kuomba, kutaya khoko, kenaka n'kupuma podikira ulendo wina. Chinsinsi chagona pa kupumako. Mpope umodzi ukamaomba wokha mosalekeza umatentha mpaka kufiira n'kuonongeka. Ikakhala 6 imagawana kutenthako, monga amayi posinja pamtondo umodzi, wina akamakweza munsi wina akutsitsa. Mfuti yoyambayo inkatulutsa zipolopolo pafupifupi 200 pamphindi imodzi.

Gatling mwini wake adalemba m'kalata ina mu 1877 kuti maganizo ake adali achifundo. Ati munthu mmodzi atamagwira ntchito ya asilikali 100, maiko sangafunenso magulu akuluakulu a nkhondo, ndiye kuti ofa ndi zipolopolo ndi matenda kunkhondo achepa. Zimene zidachitika tonse tikuzidziwa. Maiko sadachepetse asilikali, adangokulitsa manda.

Kuonetsa kaye, kuomba pambuyo

Chinthu china chimene ndikufuna muchigwire, awerengi, n'chakuti chionetsero cha mfuti si masewera amene ayamba dzulo. Chidabadwira limodzi ndi mfutiyo, ndipo chidali mbali ya ntchito yake.

Mu Januwale 1874, pamene Angelezi ankapita kukathira nkhondo Aasante m'dziko limene lero ndi Ghana, kudabwera nthumwi za mfumu ya Aasante pa msasa wa m'mbali mwa mtsinje wa Pra. Asilikali a Garnet Wolseley adatulutsa Gatling n'kuiomba nthumwizo zikupenya, kuti zikanene kwawo zimene zaona ndi maso. Pa 4 Julayi 1879, ku Ulundi, zidaleka kukhala zoonetsa: ma Gatling awiri adali pakati pa zida zimene zidathyola magulu a nkhondo a Cetshwayo, mfumu ya Azulu.

Kenaka kudabwera Hiram Maxim, wa ku America yemwe adakhazikika ku London. Mu 1884 adapanga mfuti ya mpope umodzi yosalira kupukusa. Kukankha kwa chipolopolo chimene chatuluka n'kumene kunkalowetsa chinzake, ndipo mpopewo unkaziziritsidwa ndi madzi. Inkatulutsa zipolopolo pafupifupi 600 pamphindi. Ichi ndicho chiwaya chenicheni chimene agogo athu adachidziwa. Maxim naye adali katswiri wa zionetsero: ankaitana mafumu ndi akuluakulu a nkhondo n'kugwetsa mtengo ndi zipolopolo iwo akuona. Mtengo sulira, sutuluka magazi, ulibe mayi. Ogula ankabwerera kwawo atakhutira. Mu Okutobala 1893, pa mtsinje wa Shangani ku Zimbabwe, asilikali a kampani ya Cecil Rhodes adalozetsa mfuti yomweyo kwa Amandebele a Lobengula, ndipo anthu mazanamazana adagwa asadafike n'komwe poti angaponye mkondo.

Gogodera wa kwa Mponda, Makanjira ndi Jalasi

Tsopano tibwere kwathu. M'zaka za m'ma 1880, kumwera kwa nyanja kuno kudali m'manja mwa mafumu a Chiyao atatu otchuka. Mponda adali pakamwa pa Shire, pomwe mtsinjewu umatuluka m'nyanja. Makanjira adali kugombe la kum'mawa, ndi zombo zake za matanga. Jalasi, amene azungu ankamulemba kuti Zarafi, adali pamwamba pa phiri la Mangochi. Maina atatu onsewa alipo mpaka lero pakati pa mafumu a m'boma lino.

Tisanamizane pano. Mphamvu za mafumuwa zidachokera ku malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo. Zombo za Makanjira zinkaolotsa anthu ogwidwa kuchokera tsidya la kumadzulo, ndipo milongo ya anthu omangidwa m'magoli inkalunjika kugombe la nyanja yamchere, ku Kilwa ndi madoko ena, kukasinthanitsidwa ndi nsalu, mikanda, wonga ndi mfuti. Ambiri a ife amene tikuwerenga tsamba lino tili ndi magazi a mbali zonse ziwiri, a ogwira ndi a ogwidwa. Choncho nkhaniyi ilibe woyera.

Koma mfuti zimene zinkabwera kuchokera kugombeko zidali gogodera. Amene adaonapo gogodera wa alenje akudziwa ntchito yake: kuthira wonga kukamwa kwa mpope, kuponyamo chipolopolo, kugogodera ndi kandodo, kenaka kuomba kamodzi, phuu, utsi tolo, n'kuyambiranso. Katswiri weniweni amaomba kawiri kapena katatu pamphindi. Mvula ikanyowetsa wonga, mfuti yasanduka chibonga.

Ndipo kusiyana kumeneku sikudangochitika mwangozi. Mu 1890 maiko a ku Ulaya adasainirana pangano ku Brussels lothana ndi malonda a akapolo, ndipo m'panganomo adaikamo lamulo loletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa, kuphatikizapo kwathu kuno. Gogodera yekha ndiye adamusiyira kampata. Liwiro lidakhala la mzungu mwalamulo.

Pamene mfuti zidali pafupi kufanana

Harry Johnston adafika mu 1891 kudzayambitsa boma la atsamunda. Ndalama zoyendetsera bomalo, mapaundi 10,000 pachaka, zinkachokera ku kampani ya Rhodes yomwe ija. Adabwera ndi Kaputeni Cecil Maguire ndi asilikali pafupifupi 70 ochokera ku India, ambiri mwa iwo Asikhi. Mu Okutobala chaka chomwecho adamanga linga kutsidya la kum'mawa kwa Shire, moyang'anizana ndi mudzi wa Mponda, n'kulitcha Fort Johnston. Mponda atazengereza kumasula akapolo, mzinga udalankhula, nyumba za udzu zidayaka, ndipo mfumu idagonja n'kupereka anthuwo. Paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Funso limene mwambiwu sunena n'lakuti kalumoko kadzameta ndani.

Komatu pa nthawiyi kalumo ka Johnston kadali kasadathwe kwenikweni, ndipo zimene zidatsatira mabuku a kusukulu sazikonda. Mu Disembala 1891 Maguire adakwera sitima ya Domira kukaononga zombo za Makanjira. Anthu a Makanjira adamupha m'mphepete mwa nyanja, sitimayo idatitimira pamchenga kwa masiku angapo, ndipo dokotala ndi injiniya wa m'sitimamo, amene adatsika kukakambirana, adaphedwanso. Patangopita miyezi iwiri, mu Febuluwale 1892, gulu lina lidachoka pa Fort Johnston kukwera phiri kukamenya Jalasi. Lidabwerako liwiro la mtondo wadooka, litasiya mzinga wake m'manja mwa Jalasi. Mzinga wa Mfumukazi Victoria udakhala pa phiri la Mangochi zaka zoposa zitatu.

Apa pali phunziro. Pamene kusiyana kwa zida kudali kochepa, amuna a gogodera odziwa phiri lawo ndi gombe lawo ankapambana. Amene amati azungu adatigonjetsa chifukwa cha nzeru zobadwa nazo kapena kulimba mtima aiwala miyezi iwiri imeneyi.

Johnston adamva m'bebe, ndipo yankho lake lidali kuitanitsa liwiro. Mu 1893 kudafika Asikhi ena, komanso sitima za nkhondo ziwiri, Adventure ndi Pioneer, zokhala ndi mfuti zoomba msangamsanga, ndi ina yaing'ono ya Dove yoyenda mu Shire. Sitimazi sizidauluke. Zidabwera zidutswazidutswa, ndipo pomwe Shire ali ndi mathithi, zidutswazo zidayenda pamitu ya amtengatenga. Mfuti zimene zidadzatilamula tidazisenza tokha.

Kuyambira pamenepo nyanja idasintha mwini. Chombo cha matanga chimadikira mphepo, sitima ya nthunzi siidikira. Kumapeto kwa 1893 mudzi wa Makanjira udagwa, ndipo pafupi pake padamangidwa linga lotchedwa Fort Maguire. Mu Okutobala 1895 asilikali otsogozedwa ndi Meja Edwards adalanda phiri la Jalasi n'kubweza mzinga uja. Mponda adagonja kotheratu, Makanjira adathawira m'dziko la Apwitikizi, ndipo mu Disembala chaka chomwecho Mlozi adanyongedwa ku Karonga. Mu Januwale 1898 asilikali ochokera kuno adapita ndi ma Maxim kukathyola Angoni a Mpezeni kufupi ndi Chipata.

Magoli adathyoka, izi n'zoona, ndipo amene adamasulidwa adayamika ndi mtima wonse. Koma mfuti zimene zidathetsa goli sizidabwerere kwawo ntchito itatha. Zidatsala kudzaonetsetsa kuti msonkho wa nyumba wa mashilingi atatu ukuperekedwa, ndi kuti wosowa ndalamayo akaipeze pogwira ntchito m'minda ya azungu.

Mzinga wa pa nsanja

Amene mudafikako ku Mangochi mukudziwa nsanja ya wotchi ya njerwa yomwe ili pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Idamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, boma litasamukira kale tsidya lino la kumadzulo. Chaka chomwecho, kutali ku New York, Richard Gatling adamwalira. Pambali pa nsanjayo pali mzinga wachitsulo umene ana amakwerapo ndi alendo amajambulitsapo. Ndi wa mtundu wa Hotchkiss, ndipo udachokera pa sitima ya Guendolen.

Dzina la Hotchkiss likutibwezera ku mfuti zozungulira zija. Benjamin Hotchkiss adali wa ku America amene adakatsegula fakitale yake ku France. Adatchuka m'zaka za m'ma 1870 ndi mzinga wa mipope 5 yozungulira, wopukusa ndi dzanja ngati wa Gatling koma wa zipolopolo zonenepa mamilimita 37. Wa pa Mangochi ndi mng'ono wake, wa mpope umodzi koma wolonga msanga. Mizinga yotere adaipangira sitima zikuluzikulu za nkhondo kuti zizitha kuomba timaboti taliwiro tonyamula mabomba tisadafike pafupi. Onani tsono: vuto la kanthu kakang'ono, kotchipa, kothamanga, kofuna kupha chinthu chachikulu, lidalipo kale m'zaka za m'ma 1880. Kandege ka ku Arizona n'kadzukulu ka timaboti timeneti.

Guendolen, sitima yolemera matani pafupifupi 340, adailumikiza pa Fort Johnston pompano ndipo idayamba ntchito mu 1899. Mbiri yake yotchuka ndi ya pakati pa Ogasiti 1914. Nkhondo itangoyamba ku Ulaya, Kaputeni Edmund Rhoades adalamulidwa kukasaka sitima yokhayo ya nkhondo ya Ajeremani pa nyanjayi, Hermann von Wissmann. Adaipeza ili pamtunda, ikukonzedwa, pa doko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kuiomba mpaka kuilumaza. Kaputeni wa Ajeremani, Berndt, adali mnzake wa Rhoades womwera naye limodzi, ndipo adali asadamve kuti kwagwa nkhondo. Akuti adapalasa bwato kudzafunsa mwaukali ngati mnzakeyo waledzera, n'kungopezeka wasanduka mkaidi. Nyuzipepala za ku London zidaitama ngati kupambana koyamba kwa Angelezi pamadzi m'nkhondo imeneyo.

Nkhaniyi imakoma kukamba, ndipo alendo amaseka nayo. Koma kulumala kwa sitima ya Ajeremani kudatanthauza kuti nyanja yonse yatseguka kwa Angelezi, ndipo Fort Johnston idasanduka khomo lotumizira asilikali, chakudya ndi zipolopolo kumpoto, ku nkhondo ya ku Tanganyika. Kuseka kudathera pamenepo.

Njala ya chiwaya

Chiwaya n'chosusuka. Lamba mmodzi wa Maxim ankakhala ndi zipolopolo 250, ndipo ukakanikiza osasiya, lambayo amatha theka la mphindi lisadakwane. Madzi oziziritsa mpope, pafupifupi malita 4, ankawira n'kufuna ena. Mfutiyo, miyendo yake, mabokosi a malamba ndi zigubu za madzi, zonsezi zinkafuna mitu ya anthu m'dziko lopanda misewu, momwe ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe. Msilikali mmodzi wokhala kumbuyo kwa chiwaya ankaimira mzere wa anthu osenza, ndipo osenza chiwaya ankafika nacho mpaka pomwe zipolopolo za adani zikugwera, iwo m'manja mulibe kanthu.

Dziko la Nyasaland lidapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Ambiri sadapite mwa kufuna kwawo, ankagwidwa m'midzi kudzera mwa mafumu ndi amesenjala. Ochuluka mwa amene sadabwerere sadafe ndi chipolopolo koma ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala. John Chilembwe adaziona zikubwera: mu Novembala 1914 adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chimene munthu wakuda wosauka adzapindule pofera nkhondo ya eni ake, ndipo mu Januwale 1915 adaukira. Maloto a Gatling oti mfuti yaliwiro idzachepetsa anthu opita kunkhondo adathera pamapewa a agogo athu.

Chiwaya chisanduka chigayo

Maxim atatchuka, mfuti yopukusa idaoneka yachikale, moti asilikali a America adaisiya mu 1911. Chimene chidaiukitsa m'manda ndi ndege. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndege za jeti zinkathamanga kwambiri moti woomba ankaiona ndege ya mdani kwa sekondi imodzi kapena ziwiri zokha. M'kanthawi kameneko sungalinge ngati mlenje wa mbawala. Uyenera kudzaza mlengalenga ndi zitsulo kuti ndegeyo idzigunde yokha. Akatswiri adakumbuka kuti Gatling mwini adayesapo kumangirira injini ya magetsi pa mfuti yake mu 1893, chaka chomwe Adventure ndi Pioneer zidalowa m'nyanja yathu. Mu 1946 kampani ya General Electric idapatsidwa ntchito yoitsitsimutsa nzeruyo.

Zotsatira zake ndi M61 Vulcan: mipope 6, zipolopolo zonenepa mamilimita 20, zokwana 6,000 pamphindi. Ndiye kuti 100 pa sekondi imodzi. Mng'ono wake, M134 Minigun uja, adatchuka m'zaka za m'ma 1960 pa nkhondo ya ku Vietnam, komwe ankamumangirira pa helikopita ndi pa ndege kuti aziomba pansi, pa nkhalango ndi pa midzi. Kumeneko analozanso anthu, osati tindege. Tiyeni tiwerengere limodzi: Minigun yoomba zipolopolo 3,000 pamphindi ikufanana ndi amuna 1,000 a gogodera, aliyense akuomba katatu pamphindi osaphonya dzanja. Gulu lonse la nkhondo la mfumu lalowa m'chala chimodzi.

Khutu la munthu silitha kulekanitsa kuomba kotereku. Agogo athu adamva chimanga chikuthetheka chimodzichimodzi n'kuti chiwaya. Ya leroyi ikulira mosadukiza, ngati chigayo chikamapera mgaiwa. Akadakhala moyo bwenzi ataipatsa dzina limenelo.

Mu 1980 asilikali a pamadzi a America adayamba kuika pa sitima zawo chida chotchedwa Phalanx. Ndi Vulcan yemweyo womuphatikiza ndi radala ndi kompyuta. Chimadzionera chokha bomba louluka limene likubwera, kulilonda, kuona kumene zipolopolo zake zikupita, n'kudzikonza chokha. Chimaomba 4,500 pamphindi, moti ng'oma yake ya zipolopolo 1,550 imatha m'masekondi pafupifupi 20. Kuyambira 2005 adachikweza pa malole ku Iraq kuti chiziomba mabomba ogwera m'misasa. Chala cha munthu chija nachonso chayamba kuchotsedwa.

Kumwamba kwathu

Nanga bwanji zionetsero zoombera tindege zachuluka chonchi? Yankho ndi madironi, tindege topanda woyendetsa m'kati. Kuyambira 2022, mizinda ya ku Ukraine yakhala ikuphulitsidwa usiku ndi madironi a mtundu wa Shahed, amene adayambira ku Iran. Kugwetsa kandege kotchipa ndi bomba louluka lodula kuposa ikoko n'kuotcha nkhokwe pofuna kupha khoswe, ndiye maiko abwerera ku zipolopolo. Asilikali a ku Ukraine adafika potulutsa m'nkhokwe ma Maxim akale, chiwaya chomwe chija cha agogo, n'kumaombera nawo kumwamba. Mu Africa muno madironi aphapo anthu pa nkhondo ya ku Sudan imene idayamba mu 2023. Ndipo tisamati nkhondo ili kutali: ya ku Cabo Delgado, yomwe idayamba mu Okutobala 2017, idafikako m'chigawo cha Niassa kumapeto kwa 2021, chigawo chomwe chachita malire ndi Mangochi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwathu kuno kandege kameneka tidakalandira mwa njira ina. Mu 2016 kadayesedwa ku Lilongwe kunyamula magazi a makanda okayezetsa kachilombo ka HIV, ndipo mu Juni 2017 boma pamodzi ndi bungwe la UNICEF adatsegula malo oyesera madironi a ntchito zachifundo pa bwalo la ndege la Kasungu. Ena akaona kandege amaona chandamale, ife tidaona mthenga wa kuchipatala. Sindikunena kuti dziko lisakhale ndi zida zodzitetezera. Asilikali athu a pamadzi ali pa Monkey Bay pa ntchito yomweyo, ndipo zimene zidagwera amuna a gogodera zikutichenjeza za mtengo wa kutsalira m'mbuyo. Ndikungoti tisatengere maso a wogulitsa mfuti. Iye amafuna uone chingwe cha moto, usaone kumene chingwecho chikuthera.

Mbiri yathu yomwe ikutikumbutsanso kuti mfuti siisankha mbuye. Mu Febuluwale 1965 anthu a Henry Masauko Chipembere adalanda boma la Fort Johnston usiku umodzi, koma ulendo wawo wa ku Zomba udathera pa doko la Liwonde, pomwe adapeza pantoni ili tsidya lina. Mfuti zimene zidasakasaka m'midzi ya ku Malindi pambuyo pake zidali m'manja mwa boma lathu lomwe, la anthu akuda. Chimene chidadzasintha zinthu pa 14 Juni 1993 chidali kapepala koponya m'bokosi.

Pafupi ndi mzinga wa Hotchkiss uja pali chikumbutso china, cha sitima ya Vipya imene idamira ndi namondwe pa 30 Julayi 1946 kumpoto kwa nyanja, n'kutenga miyoyo 145. Amene adaphedwa ndi nyanja tidawawerenga ndipo tidawaikira mwala. Maguire adapatsidwa linga la dzina lake, Mfumukazi idapatsidwa nsanja. Pempho langa kwa osunga mbiri ya dziko lino, mafumu ndi aphunzitsi a m'boma la Mangochi n'lakuti pambali pa mzingawo pakhalenso mwala wolembedwa m'Chiyao ndi m'Chichewa. Unene za anthu amene adaoloka nyanjayi ali m'magoli, za nyumba za kwa Mponda zimene zidapsa mu 1891, za amuna a Jalasi amene adalanda mzinga mu 1892, ndi za amtengatenga amene adakwera sitima pa dokoli ndi mabokosi a zipolopolo pamutu osabwereranso. Ndipo mphunzitsi akabwera ndi ana a sukulu kudzaona mzingawo, asawaimike kumbuyo kokha kumene kumaima woomba. Awazungulitse, aime kutsogolo, asuzumire m'kamwa mwa mpope, kenaka awauze kuti makolo awo adaima pamenepo.